Kaduwa Kofiira M'chiuno mwa Siketi

Telala ankasokera pakhonde la golosale, pamene msewu wochokera kumsika umakhotera kugalaja. Katundu wake anali wochepa: makina opalasa ndi mapazi, benchi la makasitomala, simbi yamakala, ndi chingwe chomwe ankakolekapo zovala zomwe wamaliza. Aliyense wodutsa ankamuona, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe amene ankamuganizira kuti angakhale ndi chobisa.

Lachitatu masana ankafunditsa makinawo nsalu n'kupita kumsonkhano wa gulu la anthu odzipereka, lomwe linkathandiza anthu a m'deralo amene ali ndi kachirombo ka HIV komanso amayi amene amazunzidwa m'mabanja. Ankakumana m'kalasi ya sukulu ya mkaka, atakhala pa timipando ta ana, mawondo ali kuchibwano. M'gululo mwamuna anali iye yekha. Amuna a kugalaja ankamutcha mayi telala, ndipo akamadutsa ankamufunsa ngati siketi yake yopitira kumsonkhano yatha kusokedwa. Bwana wawo, makanika wamkulu yemwe aliyense ankangomuti Sipanala, sankaseka nawo. Iye ankati gululo ndi la akazi opasula mabanja a anzawo, ndipo tsiku lomwe mmodzi wa iwo adzaponde pakhomo pake adzabwerera ndi mwendo umodzi.

Chomwe Sipanala sankadziwa n'chakuti gululo linalowa kale m'nyumba mwake, kudzera m'chiuno mwa siketi.

Mkazi wake anapezeka ndi kachiromboko kusikelo, ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Atangoyerekeza kunena kunyumba kuti anamwino akufuna azibambo nawonso akayezetse, Sipanala anaphwanya mbale yomwe ankadyera. Anati iye magazi ake ndi abwino, ndipo wobweretsa matenda m'nyumba mwake adzatuluka ndi chovala chomwe wavala, ana n'kusiya. Kuyambira pamenepo mkaziyo anatseka pakamwa. Kuchipatala sankaloledwa kupita yekha. Chikwama chake, foni yake, ngakhale pansi pa matiresi, zonse zinkafufuzidwa. Botolo la mankhwala m'nyumba yotero silikanatha sabata, chifukwa limalira likagwedezeka, ndipo dzina la mwini wake limalembedwa pamimba pake.

Njira anaipeza ndi Amayi Wapampando a gululo, omwe ankagulitsa mazira pamsika. Iwo ankakatengera mankhwala kuchipatala amayi ngati amenewa, mogwirizana ndi anamwino, n'kubwera nawo kwa telala atawabisa pansi pa mathireyi a mazira. Telala ankandandalika mibulu ya mankhwalayo m'kapulasitiki kakatali, n'kukalowetsa m'lamba wa m'chiuno mwa siketi, n'kusiya kampata kakang'ono mkati koti chala chizitha kukankhira kunja m'bulu umodzi. Mkazi wa Sipanala anali ndi masiketi awiri otere, yobiriwira ndi yabulauni. Ina ikatha ankaichapa n'kubwera nayo ngati yofuna kubweza m'chiuno, pamodzi ndi maovolosi a mwamuna wake ong'ambika matumba, n'kunyamula inayo yodzaza.

Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku lomwe mkaziyo anadandaula, maso ali pansi ngati akuyang'ana msoko, kuti kampatako kamamuvuta kupeza. Mankhwala ankamwera kubafa mothamanga, mwamuna akumuitana kunja, zala zikungozungulira m'lamba. Telala anamuuza kuti amuikira chizindikiro chomwe chala chingamve popanda diso. Anatenga singano yapamanja ndi ulusi umene unali pafupi, maganizo ali kutsidya kwa msewu, ndipo manja ake anasoka chomwe anazolowera: kaduwa kofiira. Mwezi wotsatira anasokanso komweko pa siketi inayo, osaganiza kawiri.

Kaduwako kanali ndi mwini wake. Kutsidya kwa msewuko kunali saluni, ndipo m'menemo munkagwira ntchito mtsikana yemwe ankamutcha Kachipeso, chifukwa m'tsitsi mwake simunkasowa chipeso chaching'ono chachikasu. Telala akakhala pamakina ankamuona kudzera pazenera, osati iyeyo weniweni koma chithunzi chake m'galasi lalikulu la musalunimo, ndipo anamukonda m'galasimo miyezi yambiri asanayankhulane. Chaka chapitacho mtsikanayo anabwera ndi diresi lomwe linakodwa pachitseko. Telala analisoka, ndipo popeza pakamwa pake panali polemera, zomwe ankafuna kunena anazisoka mkati mwa kolala, pomwe diso silingaone koma khosi la mwini wake lingamve. Kachipeso anakapeza kaduwako patapita masiku, akuchapa. Anawoloka msewu manja ali thovu lokhalokha kudzafunsa tanthauzo lake, ndipo telala anamuuza kuti padziko lonse palibe mkazi wina adzakavale. Tsopano makolo a mbali zonse ankadziwa, ndipo nsalu ya diresi laukwati, yomwe anagula amayi ake a Kachipeso, inali kale m'sutikesi ya telala, ikudikira sizasi.

Lachisanu lina Kachipeso anaitanidwa kukaluka kasitomala kunyumba za lendi za kuseri kwa galaja. Pachingwe cha pabwalo panali zovala zoyanikidwa motembenuza, kuti dzuwa lisafwifwitse nsalu. Pakati pa matewera ndi malaya panali siketi yobiriwira, ndipo m'chiuno mwake munali kaduwa kake.

Anafika pakhonde la golosale dzuwa litapendeka. Sanakhale pabenchi. Anaima kutsogolo kwa makina mpaka telala anasiya kupalasa.

"Atelala," anatero, ndipo iye anadziwiratu kuti zavuta, chifukwa sanamutchulepo choncho chiyambire. "Ndimafuna ndidziwe malo anga pamzerewu. Mkazi wa Sipanala ali patsogolo panga kapena pambuyo?"

Telala anamva ngati singano yalowa pansi pa chikhadabo. Nthawi yomweyo anakumbukira zomwe manja ake anachita. Anayesa kunena kuti si mmene akuganizira, koma Kachipeso anamudula, n'kumuuza kuti iye sakuganiza kanthu, waona ndi maso, ndipo akungofuna kumva kuti kaduwa komwe palibe mkazi wina adzakavale kanakwera bwanji m'chiuno mwa mkazi wa mwini. M'chiuno, anabwereza, osati ngakhale pampendero.

"Sindingakuuze," anatero telala. "Koma si chibwenzi. Ndikhulupirire."

"Chikhulupiriro ndimachisiya kutchalitchi. Pano ndikufuna yankho."

Yankholo linali palilime, lalifupi, losakwana ngakhale mpweya umodzi. Telala analimeza. Kachipeso anadikira, kenako anati ngati telala alibe pakamwa akafunsa mwini siketi, ndipo ngati nayenso alibe, akafunsa amene anagula siketiyo. Anamupatsa mpaka Lolemba.

Telala anathamangira kumsika. Anapeza Amayi Wapampando akulongedza mazira, ndipo anawafotokozera monong'ona. Amayiwo sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Anamufunsa ngati padziko pano mabatani anatha, kapena ngati mfundo wamba ikanamuthyola chala. Anati iwo akhala akunyamula mankhwala pansi pa mazira chaka ndi chaka osaswa ngakhale limodzi, ndiye mnyamata mmodzi wodwala chikondi akufuna kugwetsa thireyi yonse.

Iye anapempha kuti amulole kuuza Kachipeso yekha, munthu woti posachedwa akhala mkazi wake.

"Chinsinsi chimenechi si chako, mwana wanga, anangokusungitsa," anatero amayiwo. "Komanso kusaluni nkhani amalukira kumodzi ndi tsitsi. Ukanena lero, mawa mayi uja agona panja ana ake ali mkati. Unasoka wekha, uphwasula wekha."

Kuphwasula sikukanathandiza. Kachipeso anali ataona kale, ndipo ulusi ukachoka mabowo a singano amatsala, n'kumanena zambiri kuposa ulusiwo. Telala anaganiza mpaka mutu kuwawa. Njira anaipeza imodzi yokha, ndipo anadana nayo asanaiyambe n'komwe. Chinthu chikapezeka pa munthu mmodzi anthu amati ndi umboni, koma chikapezeka pa aliyense amangoti n'chizolowezi.

Loweruka m'mawa anatsitsa zovala zonse pachingwe. Anasoka kaduwa mkati mwa mayunifolomu a ana asukulu, m'buluku la mlonda wa pagolosale, m'mikanjo ya kwaya, pa epuloni ya wogulitsa nyama, ngakhale pakona ya makatani a mayi wina. Ulusi wofiira unatha, anakagula wina. Poyamba ankasoka mosamala ngati kale, kenako timaduwato tinayamba kutuluka tokhota, tina ngati nsikidzi zoswedwa ndi chala. Kalikonse komwe ankamaliza kankachepetsa kaja ka m'kolala ya Kachipeso, ndipo kuchepako ankakumva m'chifuwa. Kangapo anakweza maso kuyang'ana galasi la kusaluni, koma tsiku limenelo zenera linali lotchingidwa ndi katani. Pomaliza anatenga ovolosi ya Sipanala, yonunkha dizilo ngakhale inali yochapa, anapinda kolala, n'kusokamo kofiira kuposa tonse.

Mkazi wa Sipanala anabwera masana, mwana ali kumsana, siketi yobiriwira ili m'jumbo. Nkhani inali itamupeza kale, chifukwa kasitomala uja wa Kachipeso anali woyandikana naye nyumba, ndipo anaona nkhope ya mtsikanayo itasintha pachingwe paja. Anatambasula siketiyo ngati akusonyeza pong'ambika, n'kuyankhula mano atalumana.

"Ndinakupemphani chizindikiro, atelala, sindinakupempheni chikondi. Mwandiphetsa."

Telala anapepesa. Anamupatsa siketi yabulauni yodzaza, poti mankhwala sakanadikira Lolemba, anamupatsanso ovolosi ija, n'kumupempha chinthu chimodzi: awonetsetse kuti Lolemba mwamuna wake wavala imeneyi. Mkaziyo anaseka kuseka kowawa. Anati m'nyumba mwake iye sasankha ngakhale nthawi yodzuka, ndiye asankha bwanji chovala cha mwamuna. Komabe anati maovolosi enawo awanyika m'madzi Lamlungu madzulo, ndipo akamenyedwa chifukwa cha zimenezo telala adziwe kuti mikwingwirimayo ndi yake.

Lamlungu anthu ataweruka kutchalitchi, telala anapita kwawo kwa Kachipeso. Pakhomo anakumana ndi amayi ake, tsache lili m'manja. Mpando sanamupatse. Anamuuza kuti mwana wawo sanaike kanthu kukamwa chiyambire Lachisanu, ndipo iwo ankadabwa kale ndi mwamuna wamtundu wanji amene amatseka ntchito kukakhala pakati pa akazi a eni; tsopano adziwa kuti amakasankha. Telala anasuzumira m'nyumba. Pansi pa katani ya pakhomo lolowera kuchipinda ankaona mapazi awiri omwe ankawadziwa bwino, chala chimodzi chili ndi penti yofiira yoyamba kusupuka. Anayankhula ndi mapaziwo. Anawapempha kuti asapite kugalaja, kuti kumeneko kuvulala munthu wosalakwa. Bodza lomwe anakonza dzulo lake linali lokonzeka, ndipo mwina akanalinena pomwepo zikanathera pakhomopo, koma kulinena kwa iye yekha, pafupi chonchi, kunamukanika. Ankayembekezerabe kuti Lolemba lingadutse osalifuna. Mapaziwo anaima pang'ono, kenako anabwerera mkati. Amayiwo anayamba kusesa fumbi kulozetsa kunsapato zake.

Lolemba dzuwa lisanafike pamutu, phokoso la nyundo kugalaja linaleka mwadzidzidzi. Telala anadzutsa mutu. Anaona Kachipeso akutuluka pageti la galaja, kenako Sipanala akulowera kunyumba za lendi ndi liwiro la munthu wokazimitsa moto. Sipanapite nthawi anatulukira pamsewu, siketi ili m'dzanja limodzi, linalo likukoka mkazi wake pamkono. Kumbuyo kwawo kunali amuna a kugalaja, ogulitsa pamsika, ndi aliyense amene analibe chochita. Telala anaona zinthu ziwiri. Ovolosi inali yomwe ija. Koma siketi inali yabulauni, yodzaza.

Sipanala anaiponya pamakina. Inagwa ndi kaphokoso kakang'ono kouma komwe nsalu yokha siichita. M'chipwirikiti chimenecho anakamva ndi telala yekha, mwinanso mkaziyo, yemwe anatseka maso.

Sipanala sanakuwe, ndipo n'zomwe zinaopsa kwambiri. Anafunsa ngati telala amayeza makasitomala onse m'chiuno ndi tepi, kapena ena amawayeza ndi manja. Anati wakhala akudabwa kuti mkazi wosanenepa, wosaonda, amabwezeranji siketi mwezi ndi mwezi. Anati misonkhano ya Lachitatu tsopano waimvetsa, n'komwe amaphunzitsana kulowa m'nyumba za anthu popanda kugogoda. Kenako anatola sizasi yaikulu pamakinapo n'kugwira siketiyo pafupi ndi lamba.

"Kaduwa kako ndikadula pompano, ukameze anthu akuona. Ndikathana nawe, uyu akatenge jumbo yake azipita. Ana ndi anga."

Nsonga ya sizasi inali kutalika kwa chala kuchoka pakampata kaja. Telala anaimirira kuseri kwa makina.

"Achimwene, musanadule, wina akupindireni kolala ya ovolosi yanuyo."

Sipanala anamuyang'ana ngati akuona wamisala. Koma wowotcherera zitsulo wa pagalajapo, yemwe anaima kumbuyo kwake, anali atatambasula kale dzanja. Anapinda kolalayo, anayang'anitsitsa, n'kubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

"Bwana, nanunso?"

Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira ngati moto paudzu wouma. Mlonda wa pagolosale anatembenuza lamba wa buluku lake n'kulengeza kuti iyenso telala wamufunsira osamuuza. Wogulitsa nyama anakweza epuloni yake yamagazi n'kufunsa kuti ukwati ukhala liti, akonzeretu nyama. Mayi wina wa kwaya analumbira kuti dzulo kwaya yonse inaimba ili ndi maluwa m'khosi.

Telala anadikira kuti phokoso litsike. Ankadziwa pomwe Kachipeso waima, pafupi ndi mzati wa khonde, ndipo sanayang'aneko.

"Ndi chizindikiro cha pashopu pano," anatero mokweza. "Ndimasoka pachovala chilichonse chodutsa m'manja mwanga, kuti ndizidziwa ntchito yanga. Sichitanthauza kanthu kwa aliyense. Sichinatanthauzepo kanthu."

Kachipeso sanaseke. Anadutsa pakati pa anthu nkhope itauma gwa. Sipanala anali atasiya siketi kuti adzigwire pakolala, ndipo Kachipeso anaitsomphola pamakinapo n'kuikwinya m'chiuno kuti amumenye nayo telala kumaso. Dzanja linakwera, koma silinatsike. Zala zake, zozolowera kupeza chipsera chobisika pansi pa tsitsi la kasitomala, zinali zitagwira tinthu tolimba tondandana m'lamba, kena pambuyo pa kanzake. Chala chachikulu chinayenda nato mpaka pakaduwa, n'kupeza kampata.

Anayang'ana telala. Anayang'ana Amayi Wapampando, omwe anaima kumapeto kwa chikhamucho thireyi ya mazira ili m'manja. Pomaliza anayang'ana mkazi wa Sipanala. Mkaziyo sanapemphe ndi mawu. Anangosuntha dzanja n'kuliika pamwendo wa mwana amene anali kumsana.

Sipanala, manyazi atamugwira, ankafuna china choti aphwetserepo mkwiyo. Anatambasula dzanja n'kulamula kuti amupatse chisanzacho akachitenthe. Kaya ndi chizindikiro kaya si chizindikiro, m'nyumba mwake sakufunamo maluwa.

Kachipeso anaipanira siketiyo kukhwapa.

"Mukatenthe? Yambani ndi ovolosi yanuyo, bambo. Vulani pompano, machesi tikupatsani."

Anthu anagwa nako kuseka, koma iye sanalekere pomwepo. Anati wolakwa ndi iye, amene wanamizira mayi wosalakwa chifukwa cha nsanje, ndipo poti siketiyo waipaka mafuta a tsitsi a m'manja mwake, akaichapa yekha n'kuibweza yekha kwa mwini wake. Anawonjezera kuti chibadwire sanaonepo bambo wandevu zake akusiya magalimoto a anthu ali pajeke n'kumathamangitsana ndi siketi pamsewu.

Sipanala anayang'ana uku ndi uku, osapeza nkhope ya kumbali yake. Anaponya sizasi pansi. Anauza telala kuti asadzakhudzenso chovala cha m'nyumba mwake, anauza mkazi wake kuti akamupeze chakudya chili patebulo, n'kubwerera kugalaja akukanda kolala ngati muli nyerere. Palibe amene anaganiza kuti munthuyo wasintha. Koma za jumbo sanazitchulenso.

Kachipeso anagwira mkaziyo padzanja n'kuwoloka naye msewu. Analowa musaluni, katani inatsekedwa, ndipo anakhalamo nthawi yaitali. Patapita kanthawi Amayi Wapampando nawo analowa ndi thireyi yawo. Telala anatola sizasi yake, anakhala pansi, koma mapazi anakana kupalasa.

Kachipeso anabwera tsiku lotsatira chakumadzulo, telala akulongedza. Anali ndi diresi lija m'manja. Analiyala pamakina, kolala ataitembenuza.

"Chotsa."

Telala anayamba kunena kuti pali zinthu zomwe mpaka pano sangathe kufotokoza, koma Kachipeso anamuuza kuti sanamufunse. Anati mayi uja wamutuma. Sipanala tsopano akuyang'ana msoko uliwonse wa m'nyumba, ndiye za masiketi zatha. Koma kusaluni amamulola mkazi wake kupita, chifukwa amafuna azioneka bwino anzake akabwera, ndipo palibe mwamuna amene anatsegulapo botolo la mafuta a tsitsi la mkazi wake kuti aone zomwe zili pansi. Amayi Wapampando azibweretsa mazira awo kusaluni. Sanakondwe nazo, anamulumbiritsa ngati wakuba, koma njira ina analibe. Zonsezi Kachipeso ananena akuyang'ana kumbali, ngati akuuza mzati wa khonde.

Telala anasiya kulongedza. Anaganiza kuti wakhululukidwa, n'kutambasula dzanja kuti amugwire. Kachipeso anabwerera m'mbuyo.

"Usasokoneze. Za mayi uja ndazimvetsa, ndipo manyazi ake ndi anga, ndidzafa nawo. Za iwe ndi zina. Unali ndi mabatani, unali ndi ulusi wamitundu yonse. Unatenga changa. Kenako unaima pamaso pa msewu wonse n'kunena kuti sichinatanthauzepo kanthu."

"Linali bodza."

"Ndikudziwa. Koma unalinena bwino kwambiri."

Telala anakokera diresilo pafupi. Anatenga lezala, anadula ulusi woyamba, n'kuyamba kusolola kaduwako pang'onopang'ono. Kanali kolimba kuposa tonse tija, chifukwa tsiku lomwe anakasoka anabwerezabwereza msoko uliwonse poopa kuti kangachoke m'madzi mwini wake asanakaone. Kachipeso anayang'anitsitsa mpaka ulusi womaliza unagwa pansi. Pakolala panatsala timabowo tozungulira, maonekedwe a duwa lomwe kulibe. Anapititsapo chala, kenako anapinda diresilo.

Telala anafunsa ngati nsalu ija ya m'sutikesi aibweze kwa amayi ake.

Kachipeso anali atatsika kale pakhonde. Anaima, osacheuka.

"Isiye momwemo. Ukadzapeza china choti usoke, chomwe Sipanala sakuvala pakhosi, udzandiitane ndidzachione kaye."

Anawoloka msewu osathamanga. Telala atatembenuka kuti afunditse makina, anapeza chipeso chachikasu chili pafupi ndi singano. Chiyambire kumudziwa, Kachipeso anali asanachiiwalepo paliponse. Anachiika m'thumba la malaya, anatsegula kabokosi ka ulusi, n'kukankhira wofiira kumbali.